Wometa ndi Mfuti ya Bambo Ake

Panali munthu wina kwathu kuno kumapiri a West Virginia ku America, dzina lake Delbert Sizemore, ntchito yake yometa. Akamayenda ankatsogoza mimba, miyendo tang'atang'a ngati wangotsika pa hatchi, chonsecho hatchiyo sanaikwerepo. Mawu ankatulutsira m'mphuno: "Bambo angaaa, ku Okinawaaa, analanda mfuti ndi manja okhaokha." Ukakhala pampando wake, nkhondo yonse inkatha mutu uli wometedwa mbali imodzi. Chaka china asilikali a ku Japan omwe bambo ake anawagwetsa anali atatu, chaka chinacho khumi, mpaka tinayamba kudera nkhawa kuti ku Japan kutha anthu.

Bambo akewo atamwalira, mayi ake, a Opal, anamupatsa mfuti ija. Inali dzimbiri lokhalokha. Delbert anaikwecha, anaithira mafuta, thabwa lake analipukuta mpaka ntchentche ikatera inkaterereka. Kenako analengeza kuti tsiku lotsegulira kusaka agwape, gwape woyamba agwa ndi mfuti imeneyi, tauni yonse ione.

Mkazi wake Darlene anamuumiriza kuti ayambe wakaionetsa kwa a Orval, mkulu wokonza mfuti. A Orval anaitembenuza, anasuzumira mumpope, anapukusa mutu.

"Delbert, mfuti yankhondo ya ku Japan imakhala ndi chidindo cha duwa pamwamba apa, kapena chipsera pomwe analifufuta. Iyi ilibe chilichonse. Mumpopemu mulibe mizere, ndi mosalala ngati paipi ya madzi. Iyi inali ya ana asukulu yophunzirira kuguba, ankaikamo zipolopolo zongopanga phokoso. Ukaikamo chenicheni, iphulika."

"Ndiye mukuti bambo anga analanda mfuti kwa mwana wasukulu?"

"Ine sindikunena za bambo ako, ndikunena za chitsulo. Ngati wakakamira, imangirire pa tayala, ukoke ndi chingwe uli kuseri kwa mtengo."

"Mfuti ya bambo anga pachingwe ngati galu? Maso akutha inu a Orval. Mubwere ndidzakumeteni nsidzezo, mwina muyambanso kuona."

Loweruka lake Delbert ananyamula mfuti ija n'kupita nayo kumsika wa mfuti. Kumeneko anapeza mlendo wina wa chipewa chachikulu ngati beseni, akugulitsa zipolopolo.

"Bwana, mwaitenga kuti imeneyi?" anatero mlendo uja akutsitsa mawu. "Iyi ndi ya akuluakulu ankhondo. Duwa sankaikapo dala kuti adani asawazindikire. Okonza mfuti akumudzi ndi nsanje basi."

Mlendoyo anatenga chipolopolo, anachilowetsa mumfutimo, chinakhala bwinobwino.

"Mwaona? Ikanakhala ya ana ikanachilavula."

Delbert anagula zipolopolozo, anabwera kunyumba mimba itafika pakhomo iye akadali kugeti.

Darlene anayesa zonse. "Bambo a Tammy, manja amenewo ndi amene tikudyera m'nyumba muno." Sanamve. Anabisa zipolopolo m'chitini cha ufa, anazipeza. Anaitana abusa, abusawo anabwerera atametedwa bwino komanso atamva za asilikali makumi awiri. Pomaliza anakatenga apongozi ake.

"Amayi, mwana wanuyu amamvera inu nokha. Muuzeni."

A Opal anayang'ana chithunzi cha amuna awo pakhoma. "Iwe Delbert, mfutiyo ingoipachika. Bambo ako sanaiombepo."

"Chifukwa anali ataona magazi okwanira, Amayi."

A Opal anachotsa maso pachithunzi chija. Anapempha khofi.

Tsiku losaka linafika. Anthu tinakwera phiri titavala majekete athu owala oti tisaomberane. A Orval nawonso ankabwera pambuyo akupuma wefuwefu, chingwe chili m'manja.

"Delbert, kamodzi kokha. Tayala lili m'galimoto."

"Kamangireni mbuzi zanu."

Gwape anatulukira, wanyanga zabwino. Delbert anaima tang'a, anatiyang'ana tonse. "Onani mmene amaombera a Sizemoreee."

Phuu.

Mfuti inasendeka ngati nthochi. Gwape anangotukula mutu, anatiyang'ana, n'kumapita pang'onopang'ono ngati wachedwa dala. Delbert anali pansi, nkhope yakuda bii, dzanja lamanja lili magazi okhaokha. Chingwe chija ndi chimene a Orval anamanga nacho mkono kuti magazi asathe. Palibe anaseka.

Kuchipatala anadula chala chachikulu ndi zina ziwiri, zomwe zija zogwirira sizasi. Darlene ndi a Opal anakhala pambali pa bedi. Delbert anadzuka, anayang'ana bandeji nthawi yaitali. Mawu am'mphuno aja anali atathawa, otsalawo anali ngati a kamwana.

"Chipolopolo ndiye chinali cholakwika. Mfuti ya bambo singandichite zimenezi. Si choncho, Amayi?"

Darlene anatembenuka n'kuyang'ana apongozi ake, ndipo sanachotse maso. A Opal anafinya chikwama chawo pamiyendo.

"Delbert, bambo ako anali wophika pa sitima yapamadzi. Nkhondo ankaimvera patali akusenda mbatata. Mfutiyo anasinthanitsa ndi ndudu nkhondo itatha kale. Anandilumbiritsa kuti ndisadzakuuze, poti unkawayang'ana ngati Mulungu. Ndimadziwa, mwanangu. Tsiku lija ndinapempha khofi lija, ndimadziwa."

Phunziro: Chitsulo sichidziwa mbiri ya banja lanu. Mfuti yakale musaiombe wodziwa asanavomere, ndipo akakuuzani zowawa musathamangire kwa mlendo wokuuzani zokoma, chifukwa iyeyo zala zake zikhala zonse. Ndipo inu amene mukusunga bodza pofuna kulemekeza akufa, yang'anani manja a amoyo. Musaisunge nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka uja amati amadziwa zonse.