Dinani, Abale, Dinani

Eneya anaika laputopu pa tebulo la kukhitchini, pakati pa ketulo ndi mbale zosatsuka, n'kuitembenuza kuti iyang'ane kukhomo. Ankafuna kuti mkazi wake Tupochile akamalowa kuchokera ku shifiti ya kuchipatala, maso ake ayambe agwera pa nambala imene inali pa sikirinipo. Kunja, mvula ya ku Springburn, kuno ku Scotland, inali pa ntchito yake ya masiku onse.

Nambalayo inali ya ndalama, ndipo ndalamazo zinali za tikiti ya ndege. Mwezi wa mawa abale a Eneya ku Ntcheu anali kukavundukula chiliza cha mayi ake. Pa maliro Eneya sanapite, ndipo zinkamudya mumtima. Alongo ake anali atanena kale kuti akapandanso kuoneka pa chiliza, asadzavutike n'kuimba foni. Pangano la m'nyumbamo linali lomveka: Tupochile aikapo ndalama zake za chipereganyu, Eneya apeze theka linalo. Koti akalipeze ndiye panagona nkhani.

Pajatu Eneya, katswiri wa makompyuta amene kampani yake inamuthokoza kwambiri n'kumuonetsa khomo chaka chatha, tsopano anali mwini webusaiti. Ankalembapo za Amalawi a ku Scotland: wakwatira ndani, watisiya ndani, wabwera ndi ufa ndani. M'mbali mwa nkhanizo munkatuluka zotsatsa malonda. Munthu akadina chotsatsa, mwini malonda ankalipira, kampani yogawa zotsatsazo n'kudyapo mnofu, Eneya n'kutola nyenyeswa. Miyezi yoyambirira nyenyeswazo sizinkakwana ndi basi yomwe yopita m'tauni. Tupochile ankaitcha ntchito ya pa sofa.

Kenako panatulukira chotsatsa chonona: Dengu la Kwathu, mpunga wa kilombero, usipa ndi zitenje, mpaka pakhomo panu. Kudina kamodzi pamenepo kunkabweretsa zambiri kuposa kudina kakhumi pa zinazo. Eneya anaona dzanja la Mulungu.

Vuto linali limodzi. Mwini webusaiti saloledwa kudina yekha, akamugwira amamutsekera akaunti. Koma kodi lilipo lamulo limene Mmalawi sangalipezere m'bale? Lamulungu lina ku mpingo wa Amalawi ku Govan, anthu akumwa tiyi mapemphero atatha, Tupochile ali kuntchito, Eneya anagogoda kapu ndi supuni.

"Abale, sindikupempha chopereka ayi. Chala chokha basi. Kamodzi pa tsiku, aliyense kwawo, pa foni yake. Musagule kanthu. Olipira alipo, eni ake a ndalama. Koma akazi anga, mayi a Tawina, asamve, ndikufuna ndiwadzidzimutse."

Thandizo losatulutsa khobidi! Chiyambireni mpingowo, anthu anali asanagwirizanepo chonchi. Bambo Goodson, mkulu wa mpingo amene mbale ya chopereka ikamayandikira amatsinzina n'kuzama m'pemphero, anadzisankha okha kukhala wapampando wa odina. Amayi a Mvano anaika kudina pakati pa kusukusula ndi pemphero la m'mawa. Ana obadwira konkuno ankadinira makolo awo uku akung'ung'udza m'Chingerezi chawo chija chimene ngakhale Angerezi amachimva movutikira. Anthu amene anali asanayankhulane chikanganirane pa ukwati wina ankakumbutsana mwachikondi: "Mwadina lero?"

Wogula panalibe, ngakhale wa kasipa kamodzi. Agulirenji, pamene aliyense ali ndi msuweni amene akubwera ndi sutikesi yodzaza? Ndipo chozizwa choposa zonse, chofunika kuchilalikira pa guwa, n'chakuti mpingo wonse wa Amalawi unasunga chinsinsi.

Nambala inayamba kukwera, mapewa a Eneya nawonso. Anayamba kulangiza aliyense amene wamupeza pa siteji ya basi kuti masiku ano wanzeru sagwira ntchito ndi msana. Lero theka lake linali litakwana. Anali atalembera kale alongo ake kuti ayale mphasa.

Kiyi anatembenuka pa chitseko. Tupochile analowa atanyowa, n'kukhala pa mpando osavula jekete. Sikirini sanaiyang'ane.

"Mayi a Tawina, taonani apa," anatero Eneya, akuloza ndi manja onse awiri. "Ntchito ya pa sofa ija. Theka langa ndi ili. Bweretsani lanu, tikiti tigule lero lomwe."

Tupochile anayang'ana nambalayo nthawi yaitali. Misozi inalengeza m'maso mwake. Eneya anaganiza kuti ndi ya chimwemwe, ndipo anakonzeka kukhululuka.

"Bambo a Tawina, langalo palibe."

"Palibe bwanji?"

"Ndinkaona ngati lanu silibwera. Ndinachita mantha kuti mulepheranso kupita, ndiye ndinati za chipereganyu zija ndizizunguze ziswane, tikiti yonse ndikugulireni ndekha. Ine ndi Dyna wa kuntchito tinayamba kabizinesi, katundu ali kwa iye. Mayina athu sitinaikepo, mukuwadziwa anthu akwathu ndi ngongole."

Eneya anakweza mawu. "Ndiye zapita kuti?"

"Ku zotsatsa, zonse. Dzulo akaunti yauma. Tsiku lililonse chigulu cha anthu chimadina Dengu la Kwathu, ife n'kumalipira, wogula ngakhale mmodzi ayi." Anapukuta m'maso n'kumugwira dzanja. "Inu mumadziwa za makompyuta, bambo a Tawina. Tandifufuzireni, mfiti zimenezi wazituma ndani?"