Phula pa Kaboti

Kathabwa kanathyokanso pamalo omwewo, kutsogolo kwa kaboti.

Dingani anakayang'ana nthawi yaitali. Chimirireni mwana wake Watipaso m'nyanja, iye sanapitenso kokawedza. Tsopano ankaphunzira kukhoma timaboti togulitsa kwa alendo obwera ku gombe la Makuzi, ndipo aka kanali koyamba, kotalika ngati mkono wake.

Ananyika kathabwa kena m'madzi otentha, n'kukapinda pang'onopang'ono mpaka kanalola. Kenako anayamba kutseka mipata ndi nsanza, akukanikiza ndi nsonga ya mpeni, pamwamba n'kumata phula.

Mkazi wake Lettie anaima pambali atasenza lichero la chinangwa.

"Bambo a Watipaso, mukaipitsa nalo phula limenelo. Azungu amangoika pashelefu. Sikadzalowa m'madzi aka."

"Boti la Watipaso ndinamata ndine," anatero Dingani osadzutsa mutu. "Ndinaona kampata, ndinati kalibe kanthu."

Lettie anatula lichero lija pansi. Anamasula mpango wakuda womwe anavala kumutu chichitikireni maliro, anang'amba kachidutswa m'mphepete, n'kumupatsa mwamuna wake.

"Apa mwasiyapo," anatero, akuloza ndi chala.