Fizi Yosabwezedwa

Lumbani atawerama kuti anyamule sutikesi, malaya ake anakwera, ndipo Jestina anaona msana wa mwana wakeyo. Panali mikwingwirima itatu yakuda, yooneka ngati chidendene cha jombo. Zaka zonse zimene anagwira unesi ku Leicester zinamuphunzitsa kuti munthu sagwa chonchi.

"Wakuponda ndani kusukulu ya asilikali ija?"

"Ndinagwa pa perete, amayi."

"Usandinamize."

Mnyamatayo anatembenukira ku Chingerezi, akunong'ona ngati wina akumvetsera kuseri kwa chitseko. Anati anyamata akuluakulu a m'hositelo anamuchenjeza kuti woulula amalandira zoposa pamenepa. Anatinso akudziwa mashifiti a amayi ake kuchipatala amene fizi ya chaka chonse, yunifolomu ndi jombo zinadya, komanso kuti mwana akachoka ndalamazo sizibwezedwa.

Mawu omalizawo anali a Jestina yemwe, ankawabwereza patebulo tchuthi chilichonse.

Panja, mumsewu wawo wa ku Wigston kufupi ndi Leicester, amalume a mwanayo analiza hutala ya galimoto yowaperekezera kusukuluko. Lumbani anapisira malaya bwinobwino, nagwira sutikesi ija.

"Tiyeni, amayi. Tikachedwa akandilanga."