Ngongole ya Mpira Umodzi

"Abambo ako anapita ndi ngongole yanga," anatero mayi aja atakhalira sutikesi yopanda kanthu. "Mpira umodzi. Sindichoka pano asanabweze."

Mwana wawo wamkazi, yemwe anabwera kudzawatenga, anangogwira pakamwa.

Malemuwo ndi amene ankasamalira kapinga wa pakalabu pomwe anthu amagubuduza mipira. Mabwana akapita, iwo ndi akazi awo ankatsala n'kumasewera awiriwiri. Mayiwo sukulu anailawa chabe, koma malamulo a bwalo limenelo ankawadziwa ngati mitengo ya pamsika. Poponya, phazi limodzi likhale pakamkeka. Mpirawo suyenda mowongoka, umakhota ngati woledzera. Wopambana ndi yemwe mpira wake wayandikira jeki, kampira koyera kaja. Mpira ukagwera m'ngalande ya kumapeto, wafa. Koma ukayamba wakhudza jeki amaulemba choko, ndipo umawerengedwa ngakhale uli m'ngalandemo.

Tsiku lomaliza mayiwo ndiwo ankatsogola. Bambowo anaponda kamkeka, mpira wotsiriza uli m'manja, basi n'kugwa chafufumimba. Sanadzukenso. Powaika, mayiwo anawalowetsera okha m'thumba la jekete kachoko kawo kabuluu kamene sikankachoka pakhutu pa malemuwo.

Tsopano akalabu ankafuna kanyumba ka pabwalopo, momwe banjali linkakhala, kuti alowemo wantchito watsopano. Mayiwo anakana kwamtuwagalu. Madzulo alionse ankayala mipira momwe inalili tsiku lija: jeki pafupi ndi ngalande, wawo pambali pake, wa amuna awo pakamkeka, kudikira mwini wake.

Kenaka mpira wa malemuwo unayamba kuyenda.

M'mawa nkhungu isanachoke, ankamva kuti gudugudu pakapinga, kenaka zii. Akatuluka ankaupeza uli m'ngalande. Tsiku loyamba tsitsi linawaima. Tsiku lachiwiri anayang'ana pansi. Pamame panali mapazi ang'onoang'ono, ochokera kukhomo la kukhitchini.

"Mzukwa wovala nsapato zagogoda!" anatero mayiwo akumuthirira tiyi mwana wawo uja. "Ukawauze abambo akowo kuti wogwera m'ngalande wopanda choko ndi wakufa. Ine sandipusitsa ndi chenje chabodza."

"Amayi, inu simuopa?"

"Ndiope munthu woti ndinkamuchapira masokosi?"

Mwanayo anaweramira m'kapu.

Tsiku losamuka linafika, nkhungu ili mbuu. Mayiwo anamvanso gudugudu uja, koma ulendo uno panamveka kuti kho! Anatuluka n'kuyenda m'mbali mwa bwalo. Jeki anali m'ngalande. Mpira wa malemu unali utatsamira pa iye, pamsana pake pali kamzere ka choko. Wawo uja unatsala wokha pakapinga, kutali.

Nthawi yomweyo lole inaima pageti, mwana uja n'kutsika.

"Wachenjerako lero," anamukalipira asanawapatse n'komwe moni. "Wakuphunzitsa ndani? Choko wachitenga kuti? Ukuyesa ndingasamuke chifukwa cha sewero lakoli?"

"Choko chanji, amayi?" Mwanayo anaima chilili. "Masiku enawo ndinali ine, ndikuvomera. Ndimati mwina mtima wanu ukhala pansi. Koma dzulo ndinakagona kwathu kuti ndipeze galimoto. Si mwandiona ndikutsika?"

Mayiwo anatembenuka. Mame anali chiyalire bwalo lonse, osapondedwa paliponse. Pakamkeka pokha ndi pomwe panali phazi limodzi, lalikulu, lonyowa.

Anagwada, napaka chala pakamzere kaja. Chala chinabwera chabuluu.

"Mwabweza, abambo," anatero motsitsa mawu. "Iwe, kweza katundu."