Galamafoni Yochedwa ya a Fanuel

Hudson, wokonza mawotchi pamsika wa Mzuzu, analemba kamzere ka choko pambale ya galamafoni ya a Fanuel n'kuyamba kuwerenga, diso lili pa wotchi.

"Ikuzungulira ka sevente pa mphindi, adada. Imayenera sevente-eyiti."

Anapotokola kachitsulo m'kati, napukusanso. Mawu a oimba anakwera, nyimbo n'kuyamba kuthamanga.

A Fanuel, mphunzitsi wa kwaya ya ku Chiputula, anavula chipewa n'kuchiika pabondo. Iwo anangobwera kudzathiritsa mafuta m'galamafoniyo. Mbaleyo anawapatsa ndi mzungu wa kumishoni, ndipo kwa zaka zitatu anaphunzitsa kwaya nyimboyo momwe ankaimvera: mofatsa, mawu ali pansi. Ndi momwenso kwayayo inaimbira poika maliro a akazi awo.

"Nyimbo yathu si imeneyi," anatero a Fanuel.

"Ndi yomweyo, adada. Eni ake anaimba chonchi. Wotchi sinama."

A Fanuel anamvetsera mpaka singano inafika pakati pa mbale.

"Yakoma chomene. Tsopano bwezerani momwe inalili."

"Ndiiwonongenso?"

"Eya. Lamlungu tidzaimba anthu makumi atatu, ndipo palibe amene adzabwere ndi wotchi."