Buku la Bitikoini la Alamu

"Tengani buku lanu, alamu." Tobias analiponya pamapazi pa Eliya, mchimwene wa mkazi wake. "Munati ngakhale mlimi wa mpunga aphunziramo Bitikoini, ndalama za pa intaneti zija. Muli chiyani umu? Zilembo za akatswiri a kompyuta zokhazokha, ngati papalasa nkhuku."

"Vuto ndi mutu wanu," Eliya anayankha. "Ine ndinalimaliza kawiri konse. Mkamwini ngati inu, lanu ndi khasu."

Tobias anapsa mtima. Thumba la mpunga lomwe anasinthanitsa ndi bukulo likanadyetsa ana ake mpaka Khirisimasi.

"Ndiye tiwerengereni, anzerunu."

Eliya analitola monyada, nanyambita chala kuti atsegule kupitirira pomwe Tobias analekezera. Masambawo anakana. Anali akadali omatirirana, mmene anachokera kufakitale.