Gulashi wa ku Wembley

Bessie anakankhira mbale kutsogolo kwa mwamuna wake mpaka msuzi unatayikira patebulo.

"Idyani, bambo a Chiye. Si chimenechi chakudya mwatiboola nacho m'makutu chija?"

Felton anayang'ana mbaleyo. Munali gulashi, nyama ya ng'ombe yomira mumsuzi wofiirira, pambali pake zidutswa zoyera zofewa, zodulidwa mozungulira. Anatola foloko, kenako n'kuibwezera pomwe inali.

Kalesitilanti kameneka Bessie anachita kukafufuza. Kanali kuseri kwa siteshoni ku Wembley, kopanikizika pakati pa shopu ya mafoni ndi malo ometera, ndipo eni ake anali a ku Czech enieni. Bessie sanabwere kudzasangalala ayi. Zikwama zake ndi za mwana zinali kale kwa mchemwali wake ku Ilford, ndipo anali atalumbira kuti bodza likangoonekera lero, banja lathera pomwepo.

Mwezi wathawo Felton ananyamuka, ati akupita ku Prague, likulu la dziko la Czech, ndi anzake a kuntchito pa tikiti yotchipa. Munthu woti ngakhale ku Peckham amapita mochita kumukoka! Anabwerako wopanda chithunzi ndi chimodzi chomwe, ati foni inafa. Kamphatso ka mwana, osakaona. Chimene anabwera nacho ndi pakamwa basi. Ku Prague, ati, munthu wa thumba lobooka amadya ngati bwana. Osalowa m'malo odyera alendo, koma kutsata amisiri ovala maovololo ikakwana nkhomaliro, poti kumene alowe iwowo n'kumene kuli gulashi weniweni. Supu wa adyo wothamangitsa chimfine. Kabichi wowawasa wa pa nyama ya nkhumba. Maknediliki oti ukawadya masana, njala umaimvanso mawa lake.

Koma munthu wodya chotereyu anabwera ataonda, lamba akuchita kubowola bowo lina. Chakudya cha Bessie ankangochitosatosa. Anasamukira pa sofa, ati msana. Posamba ankakhoma chitseko, povala ankazimitsa getsi. Foni ikalira ankathawira pakhonde n'kumanong'ona. Bessie si mwana. Mwamuna akayamba kukana mbale ya mkazi wake ndiye kuti kwina kukufuka utsi, ndipo zimenezi zinkamuwawa koopsa.

"Tandiuzani," anatero akuloza zidutswa zoyera zija. "Izi dzina lake n'chiyani?"

"Ndi buledi," anatero Felton.

"Buledi! Awa ndi maknediliki anu aja. Mwezi wathunthu kuwaimbira nyimbo, lero mwawaiwala nkhope?"

"Bessie, chonde, anthu akutiyang'ana."

"Ayang'ane! Ndege simunakwere inu. Munali konkuno ku London, m'bulangete la munthu. Ine kugwira mashifiti ophatikiza, kusambitsa nkhalamba za eni kuti lendi ikwane, inu uko mukundigwira m'maso. Ndani ameneyo?"

Felton anangoti zyoli, thukuta lili kamukamu pamphumi ngakhale kunja kunkazizira.

Nthawi yomweyo chitseko cha kukhitchini chinatseguka. Munatuluka mayi wachizungu, wamtali, wa tsitsi lomanga kumbuyo, atanyamula mbale za anthu a tebulo lina. Atangoona Felton anaima chilili.

"Felton!"

Nkhope ya Felton inasintha, ndipo maso ake anathamangira kukhomo ngati akuyeza mtunda. Mayiyo anatula mbale zija paliponse, nabwera kudzamukumbatira mosamala, mwachizolowezi, ngati munthu wodziwa bwino thupi limene akuligwiralo.

Mtima wa Bessie unachita kuwira. Ndiye mphunzitsi wa zakudya za ku Prague anali ameneyu! Ndipo iye mwini, ndi miyendo yake, wamuperekeza mwamuna wake kwa chibwenzi, ndalama ya basi n'kulipira yekha. Anadzambatuka, mpando n'kugwa chagada. Amuna awiri amene ankamwa supu pakona anasiya masipuni m'malere.

"Ine ndine mkazi wake wa ukwati wa kutchalitchi," anatero m'Chingerezi. "Inu ndinu ndani?"

Mayi uja sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anagwira manja onse awiri a Bessie, misozi ili lengelenge.

"Ndinu Bessie? Dzina lanu silinkachoka pakamwa pa Felton. Bambo anga anatisiya sabata yatha. M'chipatala muja bedi lawo linali loyandikana ndi la amuna anuwa, ndipo ndi iwo okha amene ankawamvetsera bambo angawo akamalongosola zakudya za kwathu, onse awiri madokotala atawaletsa kudya." Kenako anatembenukira kwa Felton. "Nanga inu, zotsatira zati bwanji? Khansa ija anaichotsa yonse?"

Felton anayang'ana mkazi wake, n'kupukusa mutu pang'onopang'ono.